Maina a M'buku la Maliro

Apongozi ake a Hazel sankakonda kubwereza mawu. Anayankhula kamodzi kokha, Lachiwiri m'mawa, akutsuka makapu pasinki ya kuseri kwa nyumba. Anati teremu ya Meyi ikayamba ana asanakwane khumi pa kireshi ya Hazel, m'chipinda chakumasocho mulowa loja wolipira lendi, ndipo Hazel akwera basi kutsatira mwamuna wake Tonderai ku Joni, akagwire ntchito monga achitira akazi anzake. Mwana wawo Tafara atsala.

"Ndalera anayi ine," anatero osacheuka. "Kamodzika kangandikanike?"

Pa kireshipo ana anali asanu, ndipo mmodzi mwa asanuwo anali Tafara yemweyo. Ena onse anatha kutengedwa ndi kireshi yatsopano ya kumsewu waukulu, ya kombi yojambulidwa njovu ndi akadyamsonga, imene inkayendayenda mu Zengeza, kufupi ndi Harare, m'mawa uliwonse ikuliza hutala. Hazel analibe kombi. Anali ndi chipinda chimodzi m'nyumba ya apongozi, timipando ta pulasitiki, zilembo zimene anajambula yekha pakhoma, ndi nyimbo za Chichewa zomwe makolo ena a kwawo ku Malawi ankafuna kuti ana awo azimvako.

Tafara anali ndi zaka zitatu ndi chifuwa cha mphumu. Hazel ankadziwa kapumidwe kake monga munthu adziwira sitepe ya pakhomo pake. Kusanayambe kubanika pankamveka kaye kakhweru kakang'ono, kosamveka kwa wina aliyense, ndipo akathamangira kampopu ka mankhwala nthawi yomweyo zinkatha msanga. Apongozi ankati chifuwacho n'cha kusasatitsa. Magetsi akathima ankakoleza nkhuni pafupi ndi zenera, utsi n'kumalowa m'nyumba, iwo n'kumati mwana wamwamuna alimbe. Ndiye Hazel akamva mawu oti Joni, sankaona basi kapena ntchito. Ankaona kakhweru kaja kakulira m'nyumba momwe mulibe womva.

Amene anabweretsa nzeru anali Brilliant, mng'ono wake wa Tonderai, wokonza mafoni pakhonde la sitolo ina kumashopu. Chichewa ankachimva bwino koma ankachiyankhula modumphira ku Chishona, ngati munthu wowoloka ngalande pamiyala.

"Maiguru, vuto lanu n'limodzi. Inu kulibeko."

"Kulibeko bwanji alamu, ndili pano?"

"Pa Gugo. Mayi wa masiku ano safunsa neba. Amalemba pafoni kuti kireshi Zengeza, amene watulukira pamwamba ndiye watenga mwana. A njovu aja akukudyerani pamenepo. Ndipatseni masiku atatu."

Anabweradi Lachisanu masana, ana atagona pamphasa. Anakhala pakampando ka ana, mawondo ali m'mwamba, n'kumupatsa foni. Pamwamba pa tsamba la pa intaneti limene anapanga panali dzina la Hazel ndi nambala yake. M'munsi munali chithunzi cha bwalo la kapinga wobiriwira, akatungwe atatu ndi dziwe losewereramo. Hazel anasuzumira pazenera, pomwe panali simenti yong'aluka ndi chingwe choyanikapo zovala.

"Kapingayu ndi wa kuti?"

"Wa pa intaneti. Alibe mwini."

"Nanga akabwera n'kupeza kulibe?"

"Akabwera ndiye kuti abwera. Inu simufuna zomwezo?"

Kenako Brilliant anakwekweresa chala pamalo oyera opanda kanthu, ndipo mawu anatumphuka ngati nyerere pansi pa mwala: kireshi Zengeza, kireshi St Mary's, kireshi yotchipa, kireshi yabwino Unit L, kireshi, kireshi, mizere ndi mizere, ngakhale dzina la a njovu aja linalimo. Anawalemba ndi zilembo zoyera pamalo oyera kuti munthu asawaone.

"Izi si za anthu, n'za makina," anatero Brilliant akudzimva. "Makina akawerenga kambirimbiri amati uyu ndiye mwini nkhani, amukweze. Tsikani m'munsi muone maumboni. Tsamba lopanda makolo oyamikira ndi sitolo yopanda kasitomala."

Maumboni anali asanu ndi awiri, aliyense ndi nyenyezi zake zisanu ndi kachithunzi kozungulira. Hazel anawerenga dzina loyamba, Shuvai Kamwendo, n'kumva ngati analimvapo. Dzina lachiwiri, Tarisai Mdala, linamuyabwa kumsana. Pa lachitatu chala chinaima. Mpango wobiriwira, kagweru pakati pa mano. Najma Milanzi. Pansi pake panalembedwa m'Chingerezi kuti mwana wake amabwerako akuseka tsiku lililonse, ndipo iye amapita kuntchito mtima uli m'malo.

Hazel anakhala nawo pa maliro a Najma mu Febuluwale, ku St Mary's. Anasenda nawo anyezi kuseri ndi amayi ena. Najma anamwalira pobereka, ndipo khandalo, lalimuna, linangokhala masiku awiri n'kutsatira mayi ake.

"Alamu, mainawa mwawatenga kuti?"

Brilliant analoza ndi mlomo ku kabati ya pabalaza. M'menemo munkakhala buku lachikuto chakuda la sosaiti ya maliro, imene azigogo ochokera ku Malawi anayambitsa kalekale kuti munthu wa kwawo asaikidwe ngati galu kudziko la eni. Akhristu ndi Asilamu onse anali m'buku limodzi. Aliyense amene sosaiti yamuperekeza ankalembedwamo dzina, tsiku ndi manda ake. Bambo ake a Brilliant analisunga zaka makumi awiri, ndipo atamwalira linatsala m'manja mwa akazi awo, omwe ankalinyadira kuposa chilichonse m'nyumbamo.

"Ganizani bwino, maiguru. Ndikapeka dzina, kuno anthu amadziwana, afunsa kuti Mai Chakuti ndi wa nyumba iti. Ndikalemba wamoyo, mawa ali pageti kudzandizenga. Awa ndi maina enieni, a kwathu, ndipo eni ake satsegula foni."

"Mwatenga a chaka chino."

"Nanga nditani? Masamba akale ndi madala okhaokha, a Jailosi, a Wisikesi. Ndani angakhulupirire kuti Wisikesi ali ndi mwana wa kireshi? Ndinayambira kumapeto, komwe kuli atsikana. Zithunzi ndinazipeza m'mauthenga a maliro aja a pa Watsapu."

"Chotsani."

"Ndichotse? Zvakanaka." Anadinadina, n'kumubwezera foniyo. Panali kabokosi kofiira. "Dinani nokha apo, zonse zifufutika. Koma Meyi akafika musadzandilirire. Ine basi sindikwera."

Hazel anaigwira foniyo ndi manja onse awiri. Najma ankamuyang'ana ndi kagweru kake. Pamphasa paja Tafara anatembenuka, n'kutsokomola kawiri, chifuwa chouma, ndipo khutu la Hazel linapita komweko lokha kukadikira ngati kakhweru katsatira. Sikanatsatire. Pamene maso ake ankabwerera pafoni, chala chinali chitachoka kale pa kabokosi kaja.

"Mpaka teremu iyambe basi," anatero. "Ikangoyamba muchotse."

"Ndizvo," anatero Brilliant, n'kuilowetsa m'thumba.

Kuyambira tsiku limenelo Hazel ankadzuka n'kulemba pafoni yake kuti kireshi Zengeza, asanasukusule n'komwe. Pamwamba pankatuluka a njovu. Kenako ya tchalitchi china, kenako ina ya ku Harare imene sinali ya kuno n'komwe. Ankatsika, n'kutsegula tsamba lachiwiri, lachitatu. Sabata yoyamba anadzipeza pa lachinayi, kumapeto kwenikweni. Sabata yachiwiri anali pa lachisanu ndi chiwiri. Kenako analeka kuwerenga chifukwa data inkatha asanadzipeze.

"Mwati tikwera, alamu, koma tikutsika."

Brilliant anali atatsegula foni ya munthu, tizitsulo tili mbwee pathebulo. Sanadzutse mutu.

"Makinawa anachenjera masiku ano. Akanunkhiza mawu obisika amakukankhira pansi. Kale zinkagwira."

"Kale liti? Munazichitapo?"

"Ndinaonera vidiyo."

"Ndiye chotsani tsopano, poti sizikuthandiza."

"Ndichotsa. Data yandithera. Mawa."

Foni ya Hazel sinalire ngakhale kamodzi chifukwa cha tsambalo. Iye anadzitonthoza ndi zomwezo: chinthu chimene sichikupezeka ngakhale ndi mwini wake wochifuna, ndani wina angachipeze? Komabe akamapita kumsika ankayang'ana nkhope za amayi ovala mipango, kuona ngati moni wawo wasintha.

Linali Lolemba, nthawi yotenga ana. Amayi atatu anali ataima pageti akucheza za madzi omwe anali asanatuluke m'mipopi sabata yonse. Hazel ankavalitsa mwana wina nsapato pamene anaona mayi wachinayi akulowa. Anali wamng'ono thupi, wa mpango woyera, woyenda mosathamanga. Mayi Mwanahawa, amake Najma.

Anapereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi. Kenako analowa m'chipindamo, n'kukhala pakampando kofiira, chikwama chili pamiyendo.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

"Ndaswera, kaya inu amayi?"

"Ndaswera. Ndabwera kudzatenga mdzukulu wanga."

Macheza a pageti anaduka. Hazel anatsala atagwira chingwe cha nsapato.

"Amayi, kuno kulibe…"

"Alipo. Mwana wanga walemba yekha kuti ali kuno. Akuti amabwerako akuseka. Ine ndinamugwira masiku awiri okha, sindinamuonepo akuseka. Ndiye ndati ndidzamuone." Anayang'ana ana asanu aja mmodzimmodzi. "Ndi uti?"

Mayi Mwanahawa anatsegula chikwama n'kutulutsa foni yaikulu ya galasi losweka.

"Iyi ndi ya mkamwini wanga Ahmed. Mukumudziwa, amayendetsa kombi. Akakhala pa renki kudikira kuti idzaze, ali ndi chizolowezi chake. Amalemba dzina la mkazi wake pafoni. Palibe chimene chimatuluka, iye amadziwa, koma amalembabe, kuti angoliona litalembedwa. Lachinayi lapitali chinatuluka. Pamwamba penipeni, aphunzitsi. Akuti padziko lonse lapansi palibe pena pamene pali dzina la Najma Milanzi koma pa inu pokha. Ndi deti ya mwezi uno." Anapumira. "Anasiya kombi ili ndi anthu. Anamupeza atakhala m'ngalande. Mpaka lero sanadye."

Anatambasula dzanja, foni ili m'mwamba.

"Ine Chingerezi sindidziwa. Iye akayamba kundiwerengera samaliza. Inu munapita kusukulu. Ndiwerengereni zimene mwana wanga wanena."

"Amayi, pepani, ndi…"

"Werengani. Kenako munditanthauzire."

Hazel anawerenga. Mawu ake ankatuluka ngati a munthu wina. Anatanthauzira m'Chichewa mzere ndi mzere, za mwana wobwerako akuseka, za mtima wokhala m'malo, za aphunzitsi achikondi ngati mayi wachiwiri. Mayi Mwanahawa ankagwedeza mutu pa chiganizo chilichonse, ngati akumva kalata yochokera kutali.

"Bwerezani pa kusekapo."

Anabwereza.

Mmodzi wa amayi a pageti anali atayandikira n'kusuzumira paphewa la Hazel. Anagwira galasi, n'kukweza m'mwamba.

"Uyu si Shuvai uyu? Wa kwa Kamwendo? Tinamuika mu Janyuwale." Anatsitsa. "Tarisai. Mwari wangu, onse ndi a kumanda." Anasiya foniyo, n'kunyamula mwana wake nsapato imodzi ili m'manja.

Apongozi anatulukira kuchokera kukhitchini akupukuta manja. Anamva pang'ono chabe, koma atangomva mainawo motsatizana, maso awo anapita ku kabati. Ankadziwa dongosolo lake, poti analemba okha. Anatuma mwana wa neba kukaitana Brilliant, ndipo anthu onse anadikira chiimire, kupatula mayi Mwanahawa.

Brilliant anafika akupukuta thukuta. Anayang'ana amayi ake, anayang'ana mpango woyera uja, ndipo Chichewa chonse chinamuthawa.

"Ini ndakangoita zvandakatumwa," anatero. Akuti iye anangochita zimene anatumidwa. Dzina la patsambalo si lake, nambala si yake, kireshi si yake. Anapatsidwa maina, iye n'kulemba.

"Alamu," anatero Hazel.

"Mwana wangayu bukulo sadziwa n'komwe kuti limakhala pati," anatero apongozi mofulumira. "Amene amapukuta fumbi m'kabatimu Loweruka lililonse ndi ndani? Amene ali ndi satifiketi ya fomu folo m'nyumba muno ndi ndani?"

Mayi Mwanahawa sanayang'ane aliyense wa awiriwo. Maso awo anali pa Hazel.

"Za amene analemba ndilibe nazo ntchito. Ndifunse chimodzi. Inu munasenda anyezi pamaliro pa mwana wanga, ndinakuonani. Munachiona chithunzichi lisanafike lero?"

Hazel akanatha kukana. Brilliant anali atakana kale zake, ndipo bodza lina limodzi likanapeza malo. Koma Tafara anali atamugwira siketi, akuyang'ana m'mwamba.

"Ndinachiona."

"Liti?"

"Masabata atatu apitawo."

"Masabata atatu." Mayi Mwanahawa anabweza foni m'chikwama, n'kutseka zipi bwinobwino. "Chabwino. Poti lero sanandipatse mdzukulu wanga, ndibwera mawa."

Brilliant anafufuta tsambalo asanatuluke n'komwe pageti. Data inapezeka. Koma zithunzi za tsambalo zinali zitayamba kale kuyenda pa Watsapu, m'gulu la sosaiti, la mzikiti, la amayi a chigwirizano, mpaka kwa achibale a ku Joni ndi ku Mangochi. Pa chilichonse, pamwamba pa nkhope za akufa, panali dzina la Hazel ndi nambala yake. Foni ija inayamba kulira tsopano. Mchemwali wake wa Shuvai anaimba kasanu. Wina sankayankhula, ankangopuma. Tonderai anatumiza uthenga wa mawu anayi: wandichititsa manyazi kuno, iwe.

Mayi Mwanahawa anabweradi Lachiwiri, nthawi yomweyo, n'kukhala pakampando komweko. Sanatukwane, sanalire. Anapereka moni, anadikira mpaka mwana womaliza atatengedwa, kenako anafunsa mwaulemu ngati wawo watsala m'kati. Hazel anagwada n'kupepesa. Iwo anamuyang'ana pamutu ngati akuyang'ana nyengo, n'kutsanzika. Lachitatu kunabwera ana awiri. Lachinayi mmodzi, ndipo mayi wake anaima pakhomo osamusiya dzanja, n'kunena kuti wangodzera kudzatenga kapu ndi bulangete. Lachisanu mayi Mwanahawa anapeza Tafara yekha akusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Wanuyu amaseka?" anafunsa.

Hazel anamunyamula mwanayo n'kumuika kumbuyo kwake. Mayiwo anadzuka, anakonza mpango, ndipo sanabwerenso.

Lamulungu akuluakulu awiri a sosaiti anafika atavala majekete. Tiyi anamukana. Anapempha buku, n'kulikulunga mu nyuzipepala pamaso pa apongozi, n'kunena kuti likasungidwa kwina komwe kulibe ophunzira kwambiri. Apongozi anawaperekeza mpaka pageti akuseka nawo. Atabwerera anaima pakati pa balaza, akuyang'ana malo opanda fumbi pamene bukulo linkakhala.

"Zaka makumi atatu," anatero. "Amuna anga analigwira, ine ndalisamala. Wabwera iwe."

"Amayi, mukudziwa amene anatsegula kabati."

"Ndikudziwa amene anati ndinachiona. Pakamwa pako pomwe, anthu akumva." Anakhala pansi n'kuvula nsapato za kutchalitchi. "Meyi sitimudikiranso, palibe chodikira. Basi ndi ya Lachinayi. Tonderai wavomera."

"Ndipite naye Tafara."

"Alibe pasipoti. Ndipo bambo ake akuti mwana akhale kwa anthu ake."

Loja anabwera Lachiwiri kudzaona chipinda, bambo wonenepa wogwira ntchito kumafakitale. Anayeza khoma ndi mapazi kuti aone ngati bedi likwana. Anaima pa zilembo zija, A wa apulo, B wa bakha, n'kuseka.

"Izi ndiye ndigona nazo, gogo? Ndinamaliza giredi wani ine."

"Apaka penti mawa," anatero apongozi. "Amene anajambula ndi amene afufute."

Hazel anayamba m'mawa, atatsegula zenera ndi chitseko. Penti inali yotsala ya chaka chatha, yonunkha kwambiri, ndipo inali yochepa moti zilembo zinkaonekerabe pansi pake. Anafika pa M pamene anamva kumbuyo kwake kakhweru kaja. Tafara anali atalowa mwakachetechete n'kukhala pakhomo, akuonerera. Hazel anaponya burashi, anamunyamula n'kuthamangira naye panja, anatulutsa kampopu m'thumba la epuloni, n'kugwada pasimenti.

"Amayi, bwerani muone. Mumagwedeza kaye, kenako mumadikira kuti atulutse mpweya, kenako mumadina kamodzi. Mukamva kakhweru musadikire kuti atsokomole. Amayi, tamverani, kakumveka panopa."

Apongozi anali akuyanika zovala, zopanira zili kukamwa. Anamaliza shati, anamaliza thaulo. Kenako anabwera, anatenga kampopuko m'manja mwa Hazel osakayang'ana, n'kukaponya m'dengu la zopanira. Anagwira Tafara padzanja.

"Ine sindikumva kanthu," anatero. "Musiye ayambe kuzolowera. Pita ukamalize khoma, penti ikuuma."